Wotentha Asayandikire Boyila

Chitsulo chimene amalume ankadulira mazinga a mapaipi, timizere ta kunsonga tolumikizira tija, ndimachikumbukira bwino kuposa nkhope yawo ya masiku amenewo. Chinali ndi zogwirira ziwiri ngati handulo ya njinga, pakati pali kamwa la mano akuthwa. Ankamanga paipi pa vayisi yopanira zitsulo imene anaikhomera pachitsa kuseri kwa nyumba ya abwana, n'kulowetsa nsonga yake m'kamwamo, n'kumazungulitsa akubuula. Timapande tachitsulo tinkagwa pansi titapotana, tili noninoni ndi oyilo wakuda wokhetsa m'thirakitala. Ana a pa esiteti tinkatola timapandeto n'kumavala m'zala. Tinkachekeka ndithu, koma panalibe wolira, chifukwa ukalira amalume ankakuthamangitsa.

Chinali chaka chachiwiri chiyambireni sukulu yaulere, m'miyezi ya chisanu, pamene udzu wa m'dambo umadzuka utayera ndipo zala zimakana kugwira pensulo. Tinkakhala pa esiteti ya fodya cha ku Kapondo, m'boma la Mchinji. Kwathu kwenikweni ankati ndi ku Phalombe, koma ine ndinali ndisanapondeko, ndipo amayi anachokako ali mtsikana, munda wawo abale anagawana kalekale. Bambo anga anali tenanti, wolimira mwini esiteti fodya. Anamwalira fodya akadali m'chigafa, atadwala nthawi yaitali, n'kusiya amayi, ine mwana wamkazi, ndi mlongo wanga amene anali atangoyamba kuyenda.

Pa esiteti nyumba si yako, ndi ya khasu. Wolima akafa, mkazi ndi ana amadikira fodya agulitsidwe, kenako amamanga katundu. Ife sitinamange. Akapitawo, amene ankayang'anira matenanti onse, anali amuna awo a azakhali anga, alongo awo a bambo, ndipo ndi iwo ananena kuti tikhalebe mpaka amayi adzametedwe maliro, kenako adzaona ngati angawasiyire munda. Anawapezeranso ganyu yotunga madzi ndi kututa mchenga kunyumba kwa abwana. Pa mjigo anthu ankati bambo ameneyu ndi wachifundo, mlamu wotere sapezekapezeka. Choncho denga lathu linali m'manja mwa banja limodzi limenelo, ndipo amayi ankadziwa kuti azakhali akangoipidwa nawo, ife tilibe kolowera.

Ntchito ya kunyumba kwa abwana inali ya boyila. Esitetiyo anali atangoigula bwana wina wa ku Lilongwe, mmodzi mwa anthu amene zinawayendera zinthu zitasintha m'dziko, ndipo adona awo anakana kwamtuwagalu kusamba madzi a m'ndowa. Anati kuti abwere kudzakhala ku Mchinji, madzi otentha azituluka pampopi. Magetsi kunalibe. Ndiye anagwirizana zomanga boyila ya nkhuni: mgolo wachitsulo wogoneka pa ng'anjo ya njerwa kuseri kwa nyumba, paipi imodzi yotsitsa madzi ozizira kuchokera m'thanki yapamwamba kulowa kunsi kwa mgolowo, ina yotenga otentha pamwamba pake, kudutsa pansi pa khonde mpaka kubafa ndi kukhitchini.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anafika maliro atapita kale, thumba la zitsulo lili paphewa. Ankachokera ku Chipata, ndipo chiyankhulo cha kumeneko chinali chitawakhala pakamwa. Chilichonse kwa iwo chinali cha "manje manje", ndiye kuti pompanopompano. Atamva za boyila anapita okha kwa abwana n'kunena kuti iwo ndi pulambala, ku Zambia amanga maboyila osawerengeka. Zoona zake, zimene ndinazidziwa ndili wamkulu, n'zakuti ankangonyamulira zitsulo pulambala wina, ndipo boyila anali atangoiona ikumangidwa ndi ena. Pa bodza limeneli sindiwada. Anali munthu wanjala wokhala ndi thumba la zitsulo ndi pakamwa potsekemera, ndipo amuna ambiri alowa ntchito chomwecho. Zimene zimandiwawa n'zimene anachita pambuyo pake.

Ine ndinkawanyadira koopsa. Ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira komweko osadutsa n'kunyumba komwe. Mapaipi atsopano abwana anagula ochepa. Ambiri anali akale othirira nazale ya fodya, adzimbiri, ena muli zisa za mavu. Amalume ankawagogoda kuti dothi lituluke, n'kuwadula ndi sowo, n'kuwadulira mazinga. Asanalumikize ankasasula chingwe cha khonje, n'kukulunga ulusi wake m'mazingamo, n'kupakapo penti yofiira ndi chala, kenako n'kumanga ndi sipanala yaikulu ya mano imene ankaitcha bobojani. Fungo la pentiyo, la oyilo ndi la simenti yaiwisi linkabwera nawo mpaka kunyumba n'kukhala m'bulangete. Anyamata aganyu ankakumba ngalande, wina akuboola khoma la bafa ndi nyundo. Amayi ankadutsa pakati pawo ndowa ili pamutu, atamanga mpango wakuda, osayankhula ndi munthu. Matope omangira ng'anjo anaponda ndi iwo, ndipo madzi oyamba a m'thanki anakweza ndi iwo pamakwerero.

Tsiku loyesa koyamba linali Loweruka masana, ndipo theka la esiteti linabwera kudzaonerera. Moto unayaka bwino. Patapita kanthawi mgolo unayamba kulira chapansipansi, kenako mapaipi anayamba kugunda, gu, gu, ngati muli munthu akufuna kutuluka. Amalume anati ndi mmene zimakhalira. Asanatseke n'komwe pakamwa, polumikizira pena pafupi ndi mgolo panatseguka, nthunzi ndi madzi owira zinafwamphuka n'kumuwaula mkono mnyamata wina waganyu. Pena panayamba kuchucha, pena kuthonya madzi ofiira ndi penti. Khoma la ng'anjo linang'aluka kuyambira pakhomo la moto mpaka pamwamba. Anthu anabalalika, akapitawo akukuwa kuti sololani nkhuni, ndipo amalume anasolola zikunizo ndi manja, kumaso kutatuwa. Abwana sanakalipe. Anangoti akupereka mwayi umodzi wokha. Ikakanikanso, amalume atenge thumba lawo, kubwere amisiri a ku Lilongwe.

Mawa lake potuluka m'tchalitchi mawu anali atayamba kale kuyenda. Sindikudziwa anayambitsa ndani. Ankati chitsulo sichiphulika chokha, njerwa sing'aluka yokha, pamenepo panafika munthu wotentha. Pa esiteti zimenezi sizinali zachilendo. Balani youmitsira fodya ikapsa, uvuni wa njerwa ukatuluka wosapsa, mowa ukasasa, anthu ankayamba afunsa kuti analowapo ndani; za nkhuni ndi za mphepo ankafunsa pambuyo. Ndipo mwa onse amene anagwira ntchito pa boyila, wamkazi anali mmodzi yekha.

Ine mawu akuti wotentha ndinkawadziwa mbali imodzi yokha, ya malungo. Lolemba pa mjigo ndinamva amayi ena akunong'onezana mawuwo pamodzi ndi dzina la amayi anga, azakhali ali pomwepo akutsuka ndowa. Ndinatula chigubu changa n'kuwauza mokweza kuti akunama, amayi sakutentha, ndawagwira pamphumi m'mawa womwewu. Ena anaseka mpaka kugwira m'mimba. Azakhali sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti mwana wosalangizidwa asamalowe nkhani za akuluakulu, ndisenze chigubu changa ndizipita.

Nkhaniyo ndinapita nayo kwa aphunzitsi, chifukwa ndinkakhulupirira kuti palibe chimene sadziwa. Tinkaphunzirira pansi pa mtengo, bolodi litatsamira pathunthu, ndipo ndinadikira anzanga onse achoke. Ndinawafunsa ngati munthu wotentha thupi angang'ambe njerwa. Anayamba kundifotokozera za kachipangizo ka kuchipatala koika m'khwapa, kenako anaima pakati pa mawu, choko chili m'manja, n'kundifunsa kumene ndamva zimenezi. Ndinawauza. "Uwauze amayi ako kuti pakhomo panga ndi potsegula," anatero, n'kuyamba kufufuta bolodi. Ine ndinaona ngati andizemba funso.

Tsopano ndine mayi wa ana akuluakulu, ndingathe kunena poyera. Wotentha ndi munthu amene wagona ndi mwamuna kapena mkazi. Mkazi wamasiye asanametedwe amayenera kukhala wozizira, ndipo akaphwanya zimenezo amati kutentha kwake n'koopsa kuposa kwa wina aliyense: kumadwalitsa ana, kumaononga chilichonse chimene wagwira. Zimene ankanena pa mjigo n'zakuti amayi anga ayenda ndi mwamuna dothi la pamanda a bambo lisanatitimire. Zikanatsimikizika, azakhali sakanawameta, ndipo tikanachoka pa esiteti tsiku lomwelo anthu akutiloza zala.

Chimene chimandivuta kunena n'chakuti amayi anali ndi chifukwa choopera. Akapitawo ankabwera kwathu masana ena, anthu ali kosankha fodya, ati kudzaona ngati denga likudontha, m'mwezi wopanda mvula. Akafika ankandituma, mwana ali kumsana, kukagula machesi kugolosale ya kumsewu, ngakhale machesi ali pawindo. Ndikabwerako ndinkapeza amayi akusesa pabwalo posesa kale. Kuyambira masiku amenewo anasiya kuthira okha mchere m'ndiwo. Ankandiitana ngakhale ndili kosewera, n'kundipatsa chipande kuti ndithire ine, ndipo ine ndinkadziona ngati ndakula. Anadzandiuza okha patapita zaka zambiri, mwana wanga woyamba ali m'manja, mawu ochepa chabe, akuti nyumba ija sinali yaulere. Amayi anali munthu wopemphera, woimba kwaya, koma za kutentha anakula nazo, ndipo ankazikhulupirira monga ankakhulupirira kuti moto umaotcha. Mkono wa mnyamata uja ankadziimba nawo mlandu iwo eni.

Azakhali ndi amene anagamula, atakhala pamkeka pakhonde pathu, amalume ali pomwepo. Anati iwo safuna kuneneza munthu popanda umboni. Boyila ikonzedwe, ndipo kuyambira tsiku limenelo amayi asapondeko, asatunge madzi ake, asagwire ngakhale chikuni chake. Ikadzayaka bwino iwo kulibe, ndiye kuti chadziwika chimene chinaiononga poyamba. Akapitawo anavomera ndi mutu akuyang'ana nkhuku zimene zinkapalasa pabwalo, n'kuwonjezera kuti imeneyo ndiye nzeru.

Taganizani msampha umenewo. Amalume akaikonza bwino, ntchito yawo yapulumuka, koma mlongo wawo watsutsidwa. Ikaphulikanso, amayi ayera, koma amalume ali pamsewu, mwinanso mwana wa munthu wapsa. Pakhomo pathu panakhala anthu awiri obadwa mimba imodzi, akudya za mphika umodzi, chopulumutsa wina chili chomiza mnzake. Ine ndinkapempherera boyila, chifukwa anzanga kusukulu anali atayamba kunditcha mphwake wa pulambala wabodza.

Amalume anabwereka njinga n'kupita ku Chipata kudzera m'tinjira ta ogulitsa feteleza, kumene malire sadziwika n'komwe kuti ali pati. Anakhalako masiku angapo. Anabwerako atamangirira panjinga paipi yaitali yopindika kunsonga ngati chogwirira cha ambulera, zolumikizira zatsopano zili m'thumba. Anali atakazungulira kuseri kwa nyumba ina yogona alendo n'kuyang'anitsitsa boyila ya kumeneko, ndipo anaona chimene anaiwala, kapena ndinene chimene sankachidziwa n'komwe. Mgolo umafunika popumira. Madzi akawira nthunzi imafuna njira, ndiye pamwamba pa mgolo amaimikapo paipi yotsegula kunsonga, yotalika kuposa thanki. Ikasowa, nthunzi imadzipezera yokha pong'amba. Yoyamba ija amalume anali ataitseka ponseponse ngati botolo.

Amayi anawapeza akupukuta paipiyo kuseri kwa nyumba yathu, dzuwa litapendeka, ine ndikusenda mbatata chapafupi. Amalume anawafotokozera zonsezi monyadira, ngati azitulukira okha, ndipo amayi anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye mukanene, achimwene," anatero amayi. "Mukawauze alamu anga, azakhali a anawa, kuti chinasowa ndi chitsulochi."

"Ndikanena kuti ndinalakwitsa ndine, achemwali, mawa lomwe zifika kwa abwana. Dikirani ndimalize kaye. Zikayenda tidzakonza."

"Zikayenda ine ndili kuti?"

Amalume ananyamula paipi yawo paphewa n'kupita kukaisiya kuntchito.

Apa m'pamene ndimawakwiyira. Iwo ndiwo anali nkhoswe ya amayi, munthu yekhayo wa magazi awo m'boma lonse la Mchinji. Anthu akawafunsa za paipi yaitaliyo ankangoti ndi sitayilo ya ku Zambia, ndipo nkhani ya kutentha ikabuka ankakweza mapewa n'kunena kuti za makolo iwo sangazitsutse. Mphekesera ija inkawafunditsa bwino, ndipo sanafune kuivula m'chisanu. Musaganizenso kuti kufotokoza kwawo kunawamasula amayi mumtima. Amayi ankafuna kuti zinenedwe poyera n'cholinga choti anthu atseke pakamwa, koma kwa iwo eni chitsulo chinali chitsulo chabe, ndipo chimene chinachitika m'nyumba mwawo ankachidziwa.

Masiku okonzanso anali aatali. Amayi ankakhala pakhomo, ganyu itatha. Amayi anzawo ankadutsa kunjira osapereka moni, panalibenso wobwera kudzapala moto kapena kudzapempha mchere, ndipo ana a nyumba yoyandikana nafe anauzidwa kuti asamadye kwathu. Kwa abwana amalume ankagwira ntchito mwakachetechete, "manje manje" uja atatha. Anamasula polumikizira ponse, ngalande zinafukulidwanso, mapaipi odyeka kwambiri anawataya. Mazinga ankadula pang'onopang'ono, akubweza chitsulo m'mbuyo n'kuthira oyilo, ndipo khonje ankalisankha ulusi umodziumodzi. Ng'anjo anaimatanso ndi dothi la pachulu. Anyamata atadzaza thanki, amalume anayenda chokwawa polumikizira paliponse akupukuta ndi pepala louma n'kuliyang'ana padzuwa. Ndinena zoona, ulendo wachiwiriwu anagwira ntchito ngati mmisiri weniweni, ndipo ine ndinkabwera nazo kunyumba nkhani zimenezi ndikudumphadumpha. Amayi ankangoti ndamva.

Tsiku loyesanso linali lozizira kwambiri, m'mawa, mpweya ukutuluka utsi m'kamwa. Amayi anasamba, anavala chitenje chawo cha kutchalitchi ndi mpango wakuda uja, n'kumanga mtolo wa nkhuni zouma. Kenako anandibereketsa mlongo wanga, n'kumangitsa okha mfundo ya mbereko pachifuwa panga mpaka inandipweteka.

"Mukakhale kuseri kwa mabalani," anatero. "Ukamva chaphulika usabwere kudzaona. Upite naye kwa aphunzitsi, mukakhale komweko."

Ndinanyinyirika, chifukwa ndinkafuna kukhala patsogolo, koma maso awo sanali oti n'kutsutsana nawo. Pafupi ndi mabalani panali chulu chachikulu, ndipo nditakwera pamwamba pake ndinkaona kuseri konse kwa nyumba ya abwana.

Anthu anabwera ambiri kuposa poyamba, koma anaima patali ndithu. Abwana ndi adona anali pakhonde atavala majuzi, akapitawo ataima pafupi ndi ng'anjo monga udindo wawo unkafunira. Amalume anali akusanja tinkhuni pamene amayi anatulukira kunjira, mtolo uli pamutu, n'kudutsa pakati penipeni pa anthuwo. Phokoso linazima. Azakhali anaponda phazi limodzi patsogolo, pakamwa patatseguka, koma nkhani ngati imeneyo ungainene bwanji pamaso pa abwana a m'tauni ndi adona awo? Abwana, amene sankadziwa kalikonse, anangoona mayi waganyu wabwera ndi nkhuni. Anati wafika bwino, akoleze msanga, nthawi yatha.

Amayi anatula mtolo, anagwada pakhomo la ng'anjo, anasanja nkhuni zawo, n'kutambasula dzanja kwa amalume osawayang'ana. Amalume anayang'ana azakhali, anayang'ana pansi, kenako anapisa m'thumba n'kuwapatsa machesi. N'chokhacho chimene anawachitira m'nyengo yonseyo, ndipo ndimachiwerengera.

Moto utagwira, amayi anaimirira n'kugwira ndi dzanja lamanja paipi yotulutsa madzi otentha, pafupi penipeni ndi mgolo. Lero ndimamvetsa mmene anaganizira. Akanakhala kunyumba, boyila yokonzedwa bwino ija ikanawatsutsa iwo kulibe. Njira inali imodzi yokha, yakuti iyake dzanja lawo lili pomwepo, aliyense akuona. Koma iwo sankayembekeza kuti iyaka. Ankakhulupirira kuti chitsulo chiwazindikira monga chinachitira poyamba, ndipo anasankha kuti ngati n'kuwaneneza, chiwaneneze ali pomwepo, zithere pomwepo, ana ali kutali.

Utsi unakwera. Nkhuni zinathetheka. Patapita nthawi mgolo unayamba kulira chapansipansi kuja. Anthu anasuntha mapazi koma sanachoke, chifukwa aliyense ankafuna kudzionera yekha. Amalume anali atagwada pa ngalande, maso ali polumikizira. Amayi sanagwedezeke.

Akapitawo ndi amene anayamba kubwerera chafutambuyo. Poyamba pang'ono chabe, ngati akuthawa utsi. Kenako ananena china chake kwa abwana akuloza kumabalani, n'kutembenuka. Anayamba ndi kuyenda, kenako kufulumira, ndipo atangodutsa mpanda wa maluwa anayamba kuthamanga, bambo wamkulu wamimba yake, manja akupalasa mphepo. Anadutsa pansi penipeni pa chulu changa, kumaso kuli thukuta kamukamu m'chisanu chimenecho, nsapato imodzi atasiya m'njira. Kuboyila kunali kusanachitike chilichonse. Ine ndinaseka mpaka mwana kumsana anadzidzimuka.

Pambuyo pake m'pamene paipi yaitali ija inatsokomola n'kulavula nthunzi m'mwamba, timadontho totentha n'kugwera pamalata. Amayi ena anakuwa, ana anathawira kuseri kwa akuluakulu, koma amalume anakweza dzanja n'kunena kuti ikungopuma. Anayenda polumikizira paliponse akugwira ndi chala, ndipo ponse panali pouma. Mapaipi sanagunde. Ng'anjo sinang'aluke. Adona analowa m'nyumba, ndipo posakhalitsa mawu awo anamveka pawindo la bafa kuti madzi otentha akutuluka. Anthu anaomba m'manja, anyamata aganyu anawanyamula amalume m'mwamba. Apo m'pamene amayi anachotsa dzanja pa paipi ija, n'kukhala pansi padothi. Nditafika ndikuthamanga ndinaona chikhato chawo chitatuwa, matuza atayamba kale kutukuka.

Mwa anthu onse aja, azakhali okha ndi amene sankayang'ana boyila. Anaima pomwe anaima paja, manja ali m'chitenje, akuyang'ana njira ya kumabalani.

Anabwera kwathu masana a tsiku lomwelo, okha, atatenga kabotolo ka mafuta a nsatsi. Sanaodire. Anakhala pamkeka pafupi ndi amayi, anatenga dzanja lopsa lija n'kuliika pamwendo pawo, n'kuyamba kulipaka ndi nthenga ya nkhuku.

"Kumeta kukhale kumapeto kwa mwezi uno, alamu," anatero azakhali potsiriza. "Munda wa achimwene mulima ndinu. Ndipo za denga la nyumba ino, kuyambira lero azibwera kudzaona ndi ine."

Amayi anangogwedeza mutu. Zinachitikadi chomwecho, tinakhala pa esiteti ija mpaka ine nditamaliza sukulu ya pulayimale.

Koma masana amenewo ine ndinaona kuti pakhonde pachita zii kwambiri pa tsiku lachisangalalo, ndiye ndinaganiza zowaseketsa. Ndinapisa chitenje m'diresi kuti chikhale mimba, ndinavula silipasi imodzi, n'kuyamba kuthamanga mozungulira bwalo manja akupalasa mphepo, ndikuwaonetsa mmene akapitawo anathawira boyila isanachite n'komwe kanthu. Ndinkadziwa kuti ndikuwatengera bwino. Panalibe anaseka. Azakhali anapitiriza kupaka, ndipo amayi anandiuza motsitsa mawu kuti ndikhale pansi. Ndinakhala ndili wokhumudwa, ndikudabwa kuti akuluakulu sadziwa choseketsa. Sindikanatha kumvetsa kuti amene ankangoganizira anaima n'kuonerera, wothawa anali yekhayo amene ankadziwa, ndiponso kuti amayi awiri aja pamkeka, wina atagwira dzanja la mnzake, anali atauzana kale zonse popanda kutchula dzina la munthu.